Joystick yako ndi youma kapena yolobodoka? Zimene zikuchitika pansi pa thabwa

Munthu wamaliza kukhoma bokosi lake la magemu. Waboola mabowo, walumikiza mawaya, wayatsa, zonse zikuyenda. Koma atangosewera mphindi khumi wayamba kudandaula kuti ndodo ya joystick ikulobodoka, sikumvera dzanja. Mnzake aigwira ndodo yomweyo n'kunena kuti ayi, vuto lake ndi kuchedwa kuyankha. Akakafunsa kwa odziwa, mayankho amachita kugwa ngati mvula: sintha sipuling'i, sintha maswitchi, ika geti ya ngodya 8, gula actuator yonenepa. Aliyense amalankhula motsimikiza, ndipo wofunsayo amabwerera mutu utaima.

Chisokonezochi chimabwera chifukwa liwu limodzi loti "kulimba" taliunjikira katundu wambiri. Dzanja limamva ngati chinthu chimodzi, pomwe m'kati muli zinthu zinayi zosiyana: mphamvu yobwezera ndodo pakati, mphamvu yodinira switchi, kutalika kwa ndodo, ndi mtunda umene ndodoyo imayenda. Mukasintha chimodzi, zinazo zimamvekanso mosiyana ngakhale simunazikhudze.

Ndodo, ndi maswitchi anayi

Joystick ya arcade, makina a magemu a m'malo osewerera aja, siyeza mphamvu ya dzanja lanu. Kompyuta imangomva zinthu ziwiri, kuti yayatsidwa kapena yazimitsidwa. Pansi pa thabwa pali maswitchi anayi ozungulira ndodo, a m'mwamba, pansi, kumanzere ndi kumanja. Mukakankhira pangodya, mwachitsanzo pansi chakumanja, palibe switchi yachisanu. Mwangodina awiri nthawi imodzi. Choncho njira 8 zimachokera m'maswitchi anayi okha.

Ndodoyo imadutsa pa kachinthu kobulungira kotchedwa pivot, pomwe imapendekekera. Pa joystick zambiri maswitchi amakhala kunsi kwa pivot, ndiye mukakankhira mutu wa ndodo kumanja, mchira wake umapita kumanzere n'kudina switchi ya kumanzereko. Ichi ndicho chimachititsa kuti ambiri omanga koyamba apeze munthu wawo m'gemu akuyenda chobwerera.

Microswitch: kabokosi kolira

Microswitch ndi kabokosi kapulasitiki, kotalika pafupifupi mamilimita 28 pa mtundu wofala m'ma joystick, kokhala ndi kabatani kakang'ono ndi miyendo yachitsulo. Sikanapangidwire magemu ayi. Anakatulukira ndi Phillip McGall mu 1932 ku Freeport m'chigawo cha Illinois ku America, akugwira ntchito ku Burgess Battery Company, ndipo kampani ya Micro Switch yomwe inatchuka nako inagulidwa ndi Honeywell mu 1950. Lero kali paliponse: pachitseko cha microwave, m'makina a m'fakitale, ngakhale pansi pa chala chanu mukamadina mouse.

Chinsinsi chake ndi kachitsulo kopyapyala kopindidwa mokakamiza m'katimo. Mukamadina pang'onopang'ono kamakana, kamakana, kenaka pofika penapake kamalumphira mbali ina kamodzin'kamodzi. Taganizani za kapini kachitsulo kopanira tsitsi, kamene ukamakapinda kamangoti thapu n'kutembenuka, sikaima pakati. Ubwino wake ndi wakuti liwiro lomwe zitsulo zimagundana nalo silidalira dzanja lanu. Ndipo malo amene switchi imazimira pobwerera si omwe inayakira, amakhala m'mbuyo pang'ono, kotero dzanja likanjenjemera pamalirepo switchi siyamba kuthima ndi kuyaka.

Makina ambiri a kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 analibe kabokosi kameneka. Ankagwiritsa ntchito timalata tiwiri tataliitali tomwe timangokhudzana ndodo ikatikankha, zomwe amati leaf switch, monga m'ndodo za kampani ya Wico. Izi sizilira, ndipo munthu amatha kupinda kalatako kuti kagunde msanga. Koma timapindikanso tokha pakapita nthawi, timachita dzimbiri ndi fumbi, ndipo eni makina ankatopa ndi kukonza. Microswitch inapambana chifukwa chosavutitsa mwini wake, osati chifukwa choti osewera onse anaikonda. Alipo mpaka pano amene amasakasaka ndodo za timalata pofuna kusewera magemu akale monga Robotron: 2084 ya mu 1982 mmene ankamvekera.

Miyendo ya switchi imalembedwa COM, NO ndi NC. Waya wa ground umapita pa COM, wa uthenga pa NO. Mukaphonya n'kuika pa NC, gemu imaona ngati mwadina nthawi zonse ndipo imasiya pokhapokha mutadinadi. Pogula samalaninso kukula kwa miyendo: maswitchi ambiri a ndodo ali ndi miyendo ya mamilimita 4.8, pomwe mabatani a ku Japan ali ndi ya 2.8.

Tsono nambala imene anthu amakanganirana ndi mphamvu yofunika kuti switchi ilire. Amailemba m'magalamu kapena mu newton, ndipo newton imodzi ndi pafupifupi magalamu 102. Cherry D44X, yomwe inadzaza m'makina a ku America, imalembedwa magalamu 75. Alipo maswitchi ofewa ofika magalamu 20 kapena 50, ndipo ena a Omron ndi a 1.96 N, omwe ndi magalamu 200. Kusiyana kumeneku dzanja silikumva poyambira pakati, chifukwa pamenepo ndodo sinakhudze switchi. Limakumva pakati pa ulendo, ngati kachitunda kamene umakwera kenaka n'kutsetsereka. Switchi yolimba imakuuzani momveka kuti mwafika. Yofewa imalola dzanja kuyenda mosadodoma, koma imathanso kudinika musanafune. Ndipo kumbukirani za pangodya paja: pamenepo mukukankha maswitchi awiri, ndiye akakhala olimba ngodya zimalemera kuposa mbali zowongoka.

Palinso kusiyana kwa maswitchi okhala ndi kamkono kachitsulo ndi opanda kamkono. Sanwa JLF, ndodo ya ku Japan yofala kwambiri pakati pa osewera magemu omenyana, imadina kabatani mwachindunji, ndipo maswitchi ake anayi a Omron anawotcherera pa bolodi imodzi yokhala ndi mapini 5. Seimitsu LS-32 ili ndi timikono. Kamkono kamafika pafupi ndi ndodo, n'chifukwa chake ambiri amati Seimitsu imayankha msanga. Anthu ena amapinda timikonoti ndi pulayala kuti tiyandikirenso. Zimathandizadi, koma kupinda anayi onse mofanana ndi dzanja n'kovuta, ndipo zotsatira zake ndi ndodo yomwe kumanzere imagunda msanga kuposa kumanja.

Ena amafika potsegula kabokosiko n'kupinda kachitsulo ka m'kati pofuna kuchepetsa phokoso kapena mphamvu. Apa ine ndimazengereza. Kulira kuja si chokongoletsa, ndi umboni wakuti kachitsulo kalumpha. Mukakafooketsa mopyola, zitsulo zimayamba kugundana mokayikira. Ngakhale switchi yabwinobwino imanjanja kwa kanthawi kochepa kwambiri ikagunda, ndipo bolodi yotumiza uthenga ku kompyuta imadikira pang'ono kuti kunjanjako kuthe. Magemu ambiri omenyana amayenda pa mafulemu (zithunzi zotsatizana) 60 pa sekondi, kutanthauza kuti fulemu imodzi ndi mamilisekondi 16.7. Switchi yovulazidwa itha kunjanja nthawi yaitali mpaka gemu n'kuwerenga kudina kuwiri pomwe munadina kamodzi.

Amene amadana ndi phokoso ali ndi njira zina zosafuna kuphwasula. Pali maswitchi oyendera maginito, monga Omron D2RV yomwe Sanwa inaika m'ndodo zake zosalira. Palinso ndodo zoyendera kuwala, monga zakale za Happ Perfect 360 ndi Sanwa Flash, momwe ndodo imangodula kuwala popanda kudina kanthu. Koma ikani m'maganizo kuti mukachotsa mphamvu ya switchi, sipuling'i imatsala yokha, ndipo ndodo imamveka yofewa kuposa kale ngakhale sipuling'iyo ndi yomweyo.

Sipuling'i, ndi zimene nambala yake sinena

Ntchito ya sipuling'i ndi imodzi, kubwezera ndodo pakati. Imavala ndodo kunsi kwa pivot, itapanikizidwa kale pang'ono, ndipo ndodo ikapendekeka imafinyika mowonjezera.

Robert Hooke anafotokoza mu 1678 kuti mphamvu ya sipuling'i imakula molingana ndi mmene mwaifinyira. Pa joystick lamuloli limabala zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Choyamba ndi kupanikizika kwa poyambira, komwe kumalamula kuti ndodo iime chilili pakati osagwedera. Chachiwiri ndi mmene mphamvu imakwerera pomwe ndodo ikupita kumapeto. Zili ngati chitseko chodzitseka chokha: china chimavuta kuchiyamba koma chikatseguka chimapepuka, china chimayamba mopepuka n'kumalemera mukamachitsegula kwambiri. Kuika washala pansi pa sipuling'i kumawonjezera choyambacho osasintha chachiwiri. Kudulako mkombero umodzi kumachita zodabwitsa: sipuling'i yofupika imakhala youma pa milimita iliyonse, koma poti yafupika sipanikizikanso bwino, ndiye ndodo imagwedera pakati n'kumalimba kumapeto. Kuikoka ndi manja kuti italike kumangothandiza kwa masiku ochepa, ndipo nthawi zambiri imapotoka.

Sipuling'i yobwera ndi JLF amaiwerengera pafupifupi mapaundi 0.9, omwe ndi magalamu ngati 400. Zogulitsidwa padera zimalembedwa mapaundi 2 kapena 4, pafupifupi magalamu 900 ndi makilogalamu 1.8. Nambalazi zimanena za sipuling'i payokha, osati mphamvu imene dzanja lidzamve pa mutu wa ndodo.

Chifukwa chachikulu chomwe anthu amalimbitsira ndi kubwerera mopyola. Mwakankhira kumanja n'kusiya ndodo mwadzidzidzi, iyo podutsa pakati n'kukagunda switchi ya kumanzere. Pa chiwonetsero mumaona muvi womwe simunadine. Sipuling'i yolimbirako imaigwira ndodo pakati, makamaka ngati mutu wake ndi wolemera. Koma ili ndi mtengo wake. Nditaika yolimba kwambiri m'bokosi langa loyamba, lomwe linali lopepuka, bokosilo linayamba kuyenda pamiyendo: ndikakankhira kumanzere, lonse linkatsetsereka ndodo isanafike pa switchi. Ndinkaganiza kuti vuto ndi maswitchi, mpaka nditamangirira chitsulo cholemera pansi pake ndi kumata mphira. Kulemera kwa bokosi nakonso ndi mbali ya kulimba kwa ndodo, ndipo omanga okha ndi amene amakumana nazo kwambiri.

Pochotsa sipuling'i muyenera kuzula kachitsulo kooneka ngati chilembo E kumchira kwa ndodo. Kamathawa. Sipuling'i ili chipanikizire kumbuyo kwake, ndiye kakangomasuka kamauluka osaonekanso. Phimbani ndi chala chachikulu, kapena gwirani ntchitoyo manja ali m'thumba lapulasitiki loonekera m'kati.

Kumene kulibe sipuling'i

Ku South Korea anatenga njira ina. Ndodo za Crown ndi Myoungshin Fanta zimabwezeredwa pakati ndi mphira yokhuthala yokhala ndi bowo, yomwe amati grommet. Kulimba kwa mphira amakuyeza pa sikelo ya Shore A, yotchedwa dzina la Albert Shore amene anapanga chida choyezera kuuma kwa mphira m'zaka za m'ma 1920, ndipo nambala ikakwera mphira imauma. Mphira imakana mowonjezereka mukamaifinya ndipo imabwezera ndodo pakati mwachangu, chinthu chomwe osewera Tekken ambiri amachikonda poti mayendedwe a gemuyo amafuna kubwerera pakati mobwerezabwereza. Yatsopano imakhala youma n'kumafewa ikagwiritsidwa ntchito, choncho kuiweruza tsiku loyamba n'kufulumira.

Kutalika kwa ndodo

Aliyense amene anamasulapo nati yomangika amadziwa kuti sipanala yaitali imapepukitsa ntchito. Joystick ndi chimodzimodzi. Mukatalikitsa ndodo ndi chowonjezera, kapena kuchotsa mutu wa mpira n'kuika wautali wonga chibonga, dzanja limakhala kutali ndi pivot. Sipuling'i imamveka yofewa, maswitchi amamveka ofewa, ndipo mtunda woyenda umakula.

Apa ndi pomwe thabwa limalowerera. Ndodo za ku Japan zinapangidwira chitsulo chopyapyala, ndipo muyezo umene omanga ambiri amatsata ndi wakuti pakati pa thabwa ndi mpira paoneke mamilimita 23 kapena 24 a ndodo. Mukamangirira kunsi kwa thabwa la mamilimita 18 osalisema, ndodo imamira ndipo mpira umakhala pafupi ndi thabwa. Dzanja limasowa pogwira, mumagwira mopanikiza, n'kumati ndodoyo ndi youma pomwe vuto ndi thabwa. Ndodo za mtundu wa Happ, kapena za Industrias Lorenzo ya ku Spain, ndi zazitali ndipo zinapangidwa poganizira matabwa okhuthala.

Mtunda: geti ndi actuator

Pali mitunda iwiri. Woyamba ndi wochokera pakati kufika pomwe switchi yalira. Wachiwiri ndi wochokera pakati kufika pomwe ndodo yagunda khoma. Woyambawo umalamulidwa ndi actuator, kamphete kapulasitiki kovala ndodo komwe kamakankha maswitchi. Wachiwiri umalamulidwa ndi geti, mbale yokhala ndi bowo loumbidwa mwadala.

Mbiri ya geti imatsata magemu. Pac-Man ya mu 1980 inali ya njira zinayi basi, ndipo mukaisewera ndi ndodo ya njira 8 munthu wanu amakana kukhota mukagunda ngodya, poti gemuyo sinapangidwire maswitchi awiri nthawi imodzi. Street Fighter II ya mu 1991 inafuna njira zonse 8 ndi mayendedwe ozungulira. Makina a ku Japan anazolowetsa anthu geti ya ngodya zinayi, pomwe ku America ambiri anakula ndi ndodo zomveka zozungulira. Street Fighter IV itafika pa makina a m'nyumba mu 2009, Mad Catz inatulutsa bokosi la Tournament Edition lokhala ndi zida za Sanwa, ndipo anthu ambiri kunja kwa Japan anakumana ndi geti ya ngodya zinayi koyamba. Mkangano wa mageti unakula kuyambira pamenepo.

Geti ya ngodya zinayi imapereka malo otakasuka a ngodya, koma wosaizolowera amakodwa m'makona. Ya ngodya 8 imapatsa dzanja popumira pa njira iliyonse, koma imachepetsa malo omwe maswitchi awiri amalirira limodzi, ndiye muyenera kukankha mpaka kukhoma. Yozungulira ndi yosalala, yopanda chokuuzani pomwe muli. Pa JLF, kachidutswa ka pakati pa geti kamatembenuzika ndi madigiri 45 kuti ndodo ikhale ya njira zinayi.

Actuator yonenepa, mwachitsanzo yowonjezera milimita imodzi, imafika msanga pa switchi. Zili ngati kukoka waya wa mabuleki a njinga kuti agwire mukangokhudza: chogwirira sichinalimbe, koma chikumveka cholimba poti sichikuyendanso pachabe. Anthu ambiri amene amati ndodo yawo ikulobodoka amakhala akudandaula za mtunda wopanda kanthuwu, osati sipuling'i. Koma mukanenepetsa mopyola, ngodya zimayamba kulowa zosaitanidwa, kubwerera mopyola kuja kumawonjezeka, ndipo kabatani ka switchi kamatha kufinyidwa kupyola malire ake.

Musanagule chilichonse, yang'anani girisi. Pivot youma kapena yodzaza fumbi imakhakhala, ndipo dzanja limawerenga kukhakhalako ngati kulimba. Pukutani n'kupaka pang'ono girisi ya silicone, monga Shin-Etsu G-40M kapena Molykote 44. Mafuta ochokera ku petulo amatha kuwononga pulasitiki ina ndi mphira.

Kuyeza m'malo mongomva

Dzanja limanama, makamaka mukangolipira chida chatsopano. Mangani ulusi pakhosi pa mpira, kolani sikelo yapamanja yoyezera katundu, n'kukoka mowongoka mpaka switchi ilire. Lembani nambalayo, bwerezani mbali zonse zinayi. Mita yoyezera magetsi, mutaiika poti izilira mawaya akalumikizana, imakuuzani nthawi yeniyeni yomwe switchi yagunda. Kenaka tsegulani gawo lophunzirira m'gemu yomenyana, pomwe mivi yonse imene mwadina imaoneka pambali, chitani kayendedwe kamodzi kakhumi n'kuwerenga mivi yosochera. Sinthani chinthu chimodzi chokha, n'kusewera nacho masiku angapo musanakhudze china.

Zomwe anthu sanagwirizanebe

Palibe muyezo umodzi womwe opanga onse amatsata pa kulimba kwa ndodo. Sipuling'i ziwiri zolembedwa mapaundi 2 zitha kumveka mosiyana, ndipo nambala ya mphira singafanizidwe ndi nambala ya sipuling'i. Kodi ayeze pa sipuling'i, pa mutu wa ndodo, kapena pomwe switchi yalira?

Sanagwirizanenso ngati kufupikitsa mtunda kumapangitsa munthu kusewera bwino. Ena amati milimita iliyonse ndi nthawi yopulumutsidwa. Ena amayankha kuti akatswiri ambiri apambana mipikisano ndi JLF yosasintha kanthu, ndipo kuzolowera ndiko kumaposa zonse. Nkhani ya dzanja ili pomwepo: ena amati sipuling'i yolimba imatopetsa mkono, ena amati yofewa ndiyo imatopetsa poti umakhalira kuigwira ndodo kuti isasochere.

Kwa omanga makina a magemu akale, omwe ambiri amagwiritsa ntchito MAME, pulogalamu yoyendetsa magemu akale pa kompyuta yomwe Nicola Salmoria anayamba mu 1997, funso ndi lina. Bokosi limodzi likuyenera kusewera magemu a njira zinayi, owomberana ndi omenyana. Kodi cholinga ndi kubwezeretsa mmene makina enieni ankamvekera, kapena kupeza chomwe dzanja la mwini likufuna lero? Ndipo zida zenizenizo zikusintha: Panasonic inasiya kupanga maswitchi omwe Seimitsu inkagwiritsa ntchito, Seimitsu n'kusamukira kwa Omron, ndipo okonda LS-32 akukanganabe ngati yatsopanoyo ikumveka ngati yakale.

Pomaliza pali malamulo a mipikisano. Mabokosi opanda ndodo, a mabatani okhaokha monga Hit Box, amalola munthu kudina njira ziwiri zotsutsana nthawi imodzi, chomwe ndodo singachite, ndipo mu 2023 Capcom, kampani yopanga Street Fighter, inalamula kuti m'mipikisano yake m'mwamba ndi pansi zikadinidwa limodzi ziwerengedwe ngati palibe chadinidwa. Lamuloli linayankha za mabatani. Koma ndodo yomwe mtunda wake wafupikitsidwa mpaka kutsala pang'ono kukhala batani, malire ake ali pati?